Zimene Ndinadumpha pa Makaseti a Amalume

Amaveni, Kwekwe
14 Okutobala 2007

Okondedwa Amayi,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, makamaka mwendo uja. Ine ndafika bwino, kungoti msana sunaiwale mabampu a msewu wa ku Tete. Iwe Enala mlongo wanga, uwawerengere amayi modekha, osati kuthamanga ngati zolengeza za kutchalitchi.

Amayi, alongo anu ndawapeza. Amalume a Daison ali moyo. Ndinasakasaka masiku anayi, chifukwa keyala ya pa kalata yawo yakale ija ndi ya komboni ya mgodi umene unatsekedwa kalekale. Anandilondolera ndi mayi wina wogulitsa tomato atamva ndikunenerera mtengo m'Chichewa. Akukhala m'kachipinda kuseri kwa nyumba ya a Fainos, mnzawo amene ankalowa naye pansi.

Nditawauza kuti ndine mwana wa Augusta, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako anati, "Gusita ali ndi mwana wa ndevu? Aikona!" Atatero analira, ine ndinasowa poyang'ana. Chichewa chawo chasakanikirana ndi Chishona, ndipo ine amanditcha muzukuru, kutanthauza mwana wa mlongo wawo.

Uthenga wanu ndapereka momwe munanenera: kuti pa ana a agogo mwatsala awiri okha, kuti mwatopa ndi zaka makumi atatu za kuwamva pa kalata, mukufuna kuwaona ndi maso, ndipo tsiku lawo likadzakwana akagone pafupi ndi mayi awo ku Linthipe. Anangogwada, kukoka sutikesi yachitsulo pansi pa bedi, ndi kuyamba kuipukuta ndi malaya awo.

Akalamba ndithu, ndipo ali ndi chifuwa cha fumbi la mumgodi. Koma akuyenda okha mpaka kumsika, ulendo angaukwanitse tikanyamuka msanga.

Kuno zinthu zathina. M'masitolo muli mashelefu okhaokha, mtengo wa buledi wa m'mawa si wa masana. Penshoni yawo ya mwezi sigula ndi sopo yemwe. Pasipoti alibe, koma ku ofesi ya dziko lathu ku Harare akuti awapatsa pepala lowolokera malire, ndipo ndawalembetsa kale. Likangotuluka tikukwera basi. Muzire nyumba ya kuseri ija, Khrisimasi tidyera pamodzi.

Ndine mwana wanu,
Levi

Amaveni
2 Disembala 2007

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino ndipo mvula yayamba kumeneko. Ife kuno tadzuka. Kalatayi ikubwera ndi a Jacinta, mayi wa kwathu konko amene amabweretsa zitenje ndi usipa kuno. Positi ya kuno musaidalire.

Mukamva ichi museka: ndapeza ntchito, koma bwana wanga sindinamuonepo nkhope. Ndi mayi wachizungu, dzina lake Eveline, amakhala ku Canada. Akulemba buku la anthu a kwathu amene anathera moyo m'migodi ya kuno, ndiye amafuna munthu wodziwa Chichewa, Chingerezi ndi kutaipa. Mphunzitsi wina wa ku yunivesite, amene ndimapemphera naye, ndiye anandilumikiza. Zaka zija ndinkataipa makalata a anthu pafupi ndi depoti ku Lilongwe, inu nkumati ndi ntchito ya atsikana, lero zandipindulira.

Ndimapita kwa madala ndi kawailesi kojambulira mawu, iwo nkumafotokoza za moyo wawo. Ndikabwerako ndimalemba zonse, kumasulira, kenako ndikwere basi kupita ku Senga, ku Gweru, kumene kuli kashopu ka intaneti. Magetsi akakhalapo ndimatumiza, akathima ndimakhala pakhonde tsiku lonse ngati mlonda. Makaseti enieniwo ndidzatumiza pamodzi ntchito ikadzatha.

Lamulo la Eveline ndi limodzi: lembani chilichonse chili pa kaseti, musadumphe kanthu. Munthu akaseka ndilembe kuti akuseka, akatsokomola ndilembe kuti akutsokomola. Nditawauza amalume anaseka mpaka misozi, amvekere, "Ndiye kuti chifuwa changa chafika ku Canada ine ndisanafike ku Dedza!"

Amalipira pa kaseti iliyonse, madola a ku America, ndipo kuno amene ali ndi dola ndiye akudya. Koma popanda amalume ntchitoyi siingayende. Masiku ano palibe mdala angatsegule pakamwa kwa mlendo wonyamula kamakina. Akaona a Daison patsogolo ndi pamene amatulutsa mpando. Ndipo pa onsewo wodziwa kukamba ndi iwo omwe, Eveline akuti sanamvepo wotere.

Za pepala lija, maofesi mukuwadziwa. Khrisimasi sitifika, Amayi, mundikhululukire. M'envelopu muli ndalama, mugule matumba awiri a feteleza asanakwere, yotsalayo mupite nayo kuchipatala akaone mwendowo.

Enala, apa usawerenge mokweza. Amayi akayamba kudandaula uwauze kuti Januwale si kutali.

Ine wanu,
Levi

Amaveni
17 Febuluwale 2008

Okondedwa Amayi,

Ndakondwa kumva kuti chimanga chamera bwino ndipo mwendo wachepako kutupa. Ife tilipo. Amalume chifuwa chimabwera ndi kupita.

Kalata yanu ndalandira. Mawu aja akuti, "Ndinakutuma munthu, sindinakutume feteleza," ndawawerenga kangapo, ndipo andilasa. Simunalakwe. Komabe taganizani, Amayi, ndikawabweretsa chimanjamanja, adzadya chiyani? Adzagona m'nyumba yodontha ija? Munandiuza nokha kuti mvula ikagwa mumatchera mabeseni pamphasa. Eveline wapempha makaseti ena, ndipo ndaona kuti amenewo atipatsa malata a nyumba yonse. Uzani akalipentala aja ayeze denga, anene kuti pafunika angati.

Ndikuuzeni chinthu chokoma. Sabata yatha amalume anasiya za mgodi nkuyamba za inu. Akuti chaka china Linthipe atadzaza anakuberekani kumsana kukuwolotsani, inu ndi mantha munawaluma khutu osasiya mpaka kutsidya. Anandionetsa chipsera chake, chilipodi. Amayi, bwanji simunatiuzepo kuti munali woluma anthu? Ndinalemba zonse, ndipo Eveline anayankha kuti analira powerenga. Ndiye dziwani kuti mano anu akudziwika ku Canada.

Ali ndi kachizolowezi kena. Tikamamaliza kujambula amafunsa funso limodzi lomwelomwelo, ine nkuyankha, nkuzimitsa. Limenelo sindilemba, silikhudza za migodi.

Mwezi wa mawa kuno kuli zisankho, ndipo anthu akuti si nthawi yoyenda ndi munthu wokalamba m'misewu. Ndawauza amalume kuti Pasaka ikangodutsa tinyamuka, zivute zitani. Atamva anandigwira dzanja nthawi yaitali. Mchere ndi sopo musatumizenso, a Jacinta amavutika nazo pamalire.

Mundiperekere moni kwa onse,
Levi

Amaveni
6 Julaye 2008

Okondedwa Amayi,

Ndikudziwa kuti mwakhala miyezi inayi osamva za ife, ndipo mtima wanu sunali m'malo. Tili moyo. Inu muli bwanji ndi kuzizira kumeneku?

Zimene taona kuno si za pa kalata. Ndingoti kawailesi kaja kanakhala milungu isanu m'thumba la ufa, ndipo ine ndinaphunzira kuyenda choweramitsa mutu, osayankhula Chichewa pamsewu. A Jacinta nawo anayamba aima kubwera. Pano kwayamba kuzizirirapo.

Pali chimene chikundidya, ndipo ndilibe wina womuuza. Amalume anandikhulupirira za Pasaka zija. Mukudziwa kuti munthu wamkulu sachoka pamalo mozemba ngati wakuba. Anavala tayi, nayenda khomo ndi khomo m'Amaveni monse kutsazika. Kutchalitchi anawaimiritsa kutsogolo, kuwapempherera ndi kuwaimbira nyimbo ya ulendo. Katundu wawo anagawa: mpando kwa uyu, mbaula kwa uyo, ndipo chijasi chawo chachikulu cha kumgodi anapatsa a Fainos, amvekere, "Kumusha kwathu sikuzizira ngati kuno, sha."

Pasaka itadutsa ndinapeza uthenga wa Eveline. Amati amene amamupatsa ndalama za bukuli amupatsa malire mpaka Ogasiti, ndipo ndikachoka tsopano ntchito yonse igwa. Anapempha mwaulemu, sanandikakamize. Ndinayankha kuti ndikhala. Sindinachedwe nkomwe kuyankhako, Amayi.

Kenako misewu inatsekeka ndi zija sindikutchulazi, ndipo Juni anatipeza pompano. Amalume anasiya kutuluka. Akuti munthu amene anamuimbira kale nyimbo ya ulendo angaonekenso bwanji pamsika? Ana a m'njira anayamba kuwafunsa kuti, "Sekuru, mwabwerako kale ku Malawi?" A Fainos anabweza chijasi, iwo anakana, akuti chimene wapereka potsazika sutenganso. Ndinawagulira china pa kaunjika, anangochipinda nkuchiika mu sutikesi, akuti adzavala m'basi. Kuzizira konse kuja anakutha ndi juzi imodzi, ndipo chifuwa chakula.

Ndalama ya malata ili m'envelopu. Mugule olimba, osati opyapyala aja amachita dzimbiri chaka chimodzi. Ogasiti akatha palibenso chotigwira.

Enala, za chijasizi udumphe, zingowapweteka mtima. Ndangofuna kuti wina kwathuko adziwe.

Mwana wanu,
Levi

Amaveni
21 Sepitembala 2008

Okondedwa Amayi,

Moni wa masiku. Ndamva kuti malata akhomedwa ndipo anthu akumaima pamsewu kuyang'ana. Ndinayesa kukondwa.

Ine ndili bwino, koma amalume sali bwino. Makaseti tinamaliza kumapeto kwa Ogasiti, ndipo onse ndawatumiza ku Canada ndi munthu wina amene amapita komweko pa ndege. Masamba omalizawo ndinkachita manyazi kuwatumiza, chifukwa mzere uliwonse unali ndi mawu akuti akutsokomola. Nthabwala ija ya chifuwa chofika ku Canada sitiinenanso.

Ndinapita nawo kuchipatala pa wilibala ya a Fainos. Tinapeza mabenchi okha, mankhwala kulibe, anamwino ambiri anapita kunja. Dokotala mmodzi amene tinamupeza anangondilembera dzina la mankhwala, ndinakawagula ku Gweru ndi madola. Akumwa, koma mapapo akuti anatha kale, mankhwalawo ndi ongochepetsa ululu.

Tsopano ntchito yatha, ndalama ya basi ilipo, koma munthu wokwera basiyo ndiye palibe. Kuchoka pabedi kufika pakhomo amapuma kawiri. A Jacinta anabwera kudzawaona, ndipo potuluka anandikokera pambali nkundiuza kuti masiku awiri a m'basi, ndi mizere ya pa Nyamapanda, ndi kutentha kwa ku Tete, tikhoza kukawatsitsa panjira. Anandiyang'ana mwa mtundu wina.

Funso lawo lija asiya kufunsa. Kale linkanditopetsa, lero ndimakhala pafupi nawo kudikira kuti mwina afunsa. Amangoyang'ana sutikesi, nthawi zina nkundiuza kuti ndiipukute.

Tipemphereni. Akangopeza timphamvu tibwera, ngakhale kukhale kubwereka galimoto.

Enala, ichi ndi chako chokha: akutsokomola magazi. Uyambe kuwakonza amayi pang'onopang'ono.

Levi

Amaveni
9 Novembala 2008

Amayi,

Uthenga wa pa foni ndikhulupirira abambo mfumu anakufikitsirani. Ndikulemba kuti mumve bwino momwe zinayendera, pakuti ndi udindo wanga.

Amalume a Daison anatisiya Lachiwiri pa 4 Novembala, dzuwa litakwera pang'ono. Ndinali nditawapatsa madzi, anamwa pang'ono, natembenukira kukhoma. Sanavutike nthawi yaitali. Sindikunamizani kuti anasiya mawu, sanasiye.

Kubweretsa thupi kunali kosatheka. Kumalo osungira mitembo magetsi kulibe, ndipo ndi matenda a kolera amene abuka m'dziko muno salola maliro kuchedwa. Bungwe la maliro la anthu a kwathu, limene iwo ankasonkhako kuyambira kale, linagwira ntchito yonse. Bokosi linali labwino, la matabwa enieni. Tinawaika Lachinayi kumanda a kuno, pakati pa anzawo a kumgodi, ndipo ndaikapo chitsulo cholembedwa dzina lawo ndi mawu akuti Linthipe, Dedza.

Anthu anabwera ambiri, omwe aja anawatsazika pa Pasaka. Nyimbo anaimba yomwe ija. Tisanatseke bokosi a Fainos anabwera ndi chijasi chija nawafunditsa, amvekere, "Pano sukana, Daison."

Madala onse anandigwira chanza, kundithokoza kuti ndine muzukuru wabwino, ndinasiya kwathu kudzasamala amalume mpaka mapeto. Aliyense akanena choncho ndinkafuna nthaka ing'ambike.

Munakonza nyumba ya kuseri pachabe, Amayi. Sindikudziwa kuti ndikulembereni chiyani china.

Levi

Senga, Gweru
14 Disembala 2008

Amayi,

Sindikudziwa ngati muli bwino, chifukwa simunandiyankhe, ndipo sindikukudandaulani. Ine thupi lili bwino.

Enala, kalata iyi uwerenge yonse mokweza. Ubwererenso ku makalata akale, uwawerengere amayi monse ndinakuuza kuti udumphe.

Amayi, pepala la amalume lowolokera malire linatuluka pa 20 Novembala chaka chatha. Ndinakalitenga ndekha ku Harare. Pamene ndinkakulemberani kuti maofesi mukuwadziwa, linali m'chikwama changa, pansi pa makaseti. Ndinati ndingomaliza makaseti asanu, kenako ndinati khumi, kenako malata. Nthawi imeneyo amalume ankayenda okha mpaka kumsika, misewu inali yotseguka, ndalama ya basi inalipo. Khrisimasi ija akanadyera pakhonde panu. Sizinali zisankho, sanali Eveline, sanali maofesi. Ndinali ine.

Mwina ndikanafa nacho chinsinsichi. Koma makaseti atafika ku Canada, Eveline anapatsa wophunzira wina wa kwathu kuti amvere ndi kufananiza ndi zimene ndinalemba. Ndiye Eveline wandilembera, mwaulemu wake uja, kuti ntchito ndi yabwino, koma kumapeto kwa kaseti iliyonse ya a Daison kuli mawu amene palibe pa pepala. Akufunsa kuti mkuluyu amafunsa za ulendo wanji, ndipo amene amamuyankhayo ndani. Wandikumbutsa lamulo lija, nandipempha ndimalize.

Ndinali nditasunga makope a makasetiwo. Ndakhala sabata yathunthu m'kashopu kano ndi zomvera m'makutu, kulemba zimene ndinadumpha. Kaseti iliyonse amalume akufunsa kuti basi tikwera liti, ndipo kaseti iliyonse pali munthu akuyankha mokoma, mosadodoma.

Sutikesi yawo ikubwera ndi a Jacinta. Muli chijasi chatsopano chija, tayi, ndi nsalu ya buluu imene a Fainos akuti amalume anakugulirani kale kwambiri, ikadali m'pepala la kusitolo. Ndaikamo pepala la malire lija kuti mulione ndi maso anu, ndi kaseti yomaliza, ya pa 30 Ogasiti. Mubwereke wailesi ya aphunzitsi.

Tsiku limenelo madzi anabwera kumpopi titakhala masiku atatu opanda, ndiye ndinathamanga ndi ndowa, kawailesi nkukasiya kakuzungulira. Polemba ndinalekezera pamene ndinatulukirapo, ndinkayesa kuti kotsalako kulibe kanthu. Ndakumva sabata ino. Ndikulemba momwe ziliri, monga mwa lamulo la ntchito yanga.

A Daison: Wapita? Kakuzungulirabe aka. (akutsokomola) Gusita. Ndine, Daison. Akuti kamakina aka kamafikitsa mawu kure, ndiye kaya ndi ku Linthipe komwe kafika. Iwe, pepala langa ndinaliona kalekale, lili m'chikwama cha muzukuru. Chithunzi ndinatuluka bwino, ngati kapitawo. Sindinamufunse ayi. Mwana ali pa basa, pa ntchito. Inenso paja ndinakuuza kuti chaka chimodzi chokha, ndikagule njinga ndibwere. Ndiye ndimuuza chiyani ine? (akuseka, akutsokomola nthawi yaitali) Nkhani zandichulukira, mlongo wanga, ndiye vuto. Ndikanakhala nazo zochepa, bwenzi pano ndili pakhonde pako. Khutu lija limayabwabe kukazizira. (chitseko chikutseguka, ndowa ikuikidwa pansi)

Levi: Tinalekezera pati, amalume?

A Daison: Pa basi, muzukuru. Tikwera liti?

Levi: Mwezi wa mawa, amalume.

Kaseti yathera pomwepo. Mawu omalizawo simuvutika kuwazindikira, Amayi, munawalera nokha.

Ndili pano mpaka mundiyankhe. Mukati ndibwere, ndibwera kudzakhala pansi pamaso panu. Mukapanda kunena kanthu, ndimva.

Ndine mwana wanu, ngati mukundilolabe,
Levi